Maiki ya woimba pa siteji: tigule iti kuti mawu asamamire m'ng'oma?

BesiWaChilomoni
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kabandi ka anthu 7 kuno ku Blantyre, timaimba m'maukwati, m'zinkhoswe, nthawi zina m'mabala kumapeto kwa sabata. Pali ng'oma, magitala awiri, kiyibodi, besi ndimaimba ndine, ndi oimba awiri. Vuto lili pa mlongo wathu amene amatsogolera nyimbo. Mawu ake ndi okoma koma ndi ofewa, ng'oma zikangolowa iye wamira. Tikakweza maiki yake pa mikisa, masipikala amayamba likhweru mpaka azimayi a pa tebulo la kutsogolo kugwira m'makutu. Tikatsitsa, anthu amati akungoona milomo ikugwedera. Mamaiki athu ndi aja a pa msika, opanda dzina lodziwika. Tasonkha kandalama kokwana maiki imodzi yeniyeni, kapena mamaiki anayi otsika mtengo. Ena akuti Shure SM58, ena akuti Beta 58A, wa kiyibodi wakakamira yopanda chingwe. Inu odziwa mukuti bwanji?

Kaliyala74
SM58 basi. Nkhani yatha, tsekani.

Injiniya_waSaundi
Musanatulutse ndalama, achimwene, ndiyankheni kaye. Masipikala anu akuluakulu mumawaimika pati, kutsogolo kwa oimba kapena kumbuyo kwawo? Mamonita, masipikala aja oyang'ana kwa oimba kuti azidzimva, muli nawo? Chingwe cha maiki, kumapeto kolowa mu mikisa, chili ndi pulagi ya mapini atatu kapena jeki yonga ya gitala? Nanga mlongoyo poimba maiki amaigwira patali bwanji ndi pakamwa? Ndikufunsa chifukwa likhweru silibadwira mu maiki yokha. Ndi mawu amene atuluka m'sipikala, alowanso mu maiki, akwezedwanso, atulukanso, kumangozungulira choncho mpaka kulira. Sipikala ikayang'anizana ndi maiki, ngakhale mutagula ya madola 1,000 idzalirabe.

BesiWaChilomoni
Masipikala timawaika kumbuyo, uku ndi uku kwa wa ng'oma, kuti tonse tizimva zimene tikuimba poti mamonita tilibe. Zingwe ndi za jeki, zinabwera m'katoni limodzi ndi mamaikiwo. Mlongoyo amaigwira chapachifuwa, akuti akaiyandikizitsa mawu amamveka ngati akuimbira mumgolo.

Kaliyala74
Kkkkk ndiye mwati wolakwa ndi maiki?

Injiniya_waSaundi
Tiyambe ndi masipikalawo. Maiki ya pa siteji imamva kwambiri kumaso kwake, ndipo kumaso kwake kuli pakamwa pa woimba pamodzi ndi chilichonse chimene chili kumsana kwa woimbayo. Inuyo kumsana kwake mwaunjikako masipikala awiri ndi ng'oma. Ndiye mukamakweza maiki ya mlongoyo mukukweza ng'oma ndi masipikala omwewo. Atulutseni, akaime m'mphepete mwa siteji, kutsogolo kwa mzere wa mamaiki, ayang'ane kwa anthu. Apa simulipira ngakhale tambala.

Chingwe cha jeki chija muchipumitse. Bowo la jeki pa mikisa yambiri ndi la zida zotulutsa mphamvu yambiri monga kiyibodi. Maiki imatulutsa kamphamvu kochepa zedi, malo ake ndi bowo la XLR, la mapini atatu lija, chifukwa ndi komwe kuli preamp yoikweza bwinobwino. Mukailowetsa pa jeki imamvekera pansipansi, inu n'kupotoza mabatani onse mpaka kumapeto, phokoso nalo n'kukwera. China, chingwe cha XLR mbali zonse chimanyamula mawu pa mawaya awiri motsutsana, kotero phokoso limene chatola m'njira limafafanizika pofika mu mikisa. N'chifukwa chake chimatha kutalika mamita 30 osang'ung'udza, pomwe cha jeki chikangotalikapo chimayamba kutola zilizonse.

Koma nkhani yaikulu ndi ya pachifuwayo. Mukadula mtunda wa pakamwa ndi maiki pakati, mawu amakwera ndi ma decibel (muyeso wa kukwera kwa mawu) pafupifupi 6 musanakhudze mikisa, pomwe ng'oma ndi masipikala zimakhala pomwe zinali. Kuchoka pa masentimita 20 kufika pa 10 mwapeza 6, kufika pa 5 mwapeza 12. Palibe maiki m'sitolo imene ingakupatseni zimenezo. Kubuma kumene akudandaulako n'koona ndithu, mamaiki onse omva mbali imodzi amanenepetsa mawu apansi munthu akayandikira. Mankhwala ake ali pa mikisa: dinani kabatani ka low cut, kolembedwa 75, 80 kapena 100 Hz malinga ndi mikisa yanu, kenako muchepetseko LOW pa mzere wa maiki yake.

NaPhiri_Alto
Pepani abambo inu, musamuweruze msanga mtsikanayo. Ine ndimaimba, ndikudziwa chimene chimamuthawitsa. Mamaiki a pa msikawa ukayandikira, "p" ndi "b" aliyense amaphulika m'sipikala, umachita manyazi n'kubwerera m'mbuyo wekha. China, munthu ukapanda kudzimva umayamba kukuwa, pofika nthawi ya perekaniperekani mawu asasa kale. Ndiye masipikala mukawatulutsa kutsogolo monga akunenera ainjiniyamu, mumupezere monita. Apo ayi mwamuwonjezera mavuto, aziimba mongoyerekeza.

Za maiki, ine ndinasiya SM58 n'kutenga Sennheiser e935. Pa mawu anga SM58 imamveka yophimbika, mpaka wa pa mikisa azichita kuwonjezera zam'mwamba. Ya Sennheiser imawala yokha, mawu a nyimbo amamveka limodzilimodzi ngakhale kumbuyo kwa holo. Sindikuti ndi ya aliyense. Mnzanga wina wa soprano akaigwira imalasa anthu m'makutu, iye ndiye amakoma pa SM58.

Kaliyala74
Amayi, SM58 inatuluka mu 1966 ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Igwe pa simenti, ipindike chipewa cha waya cha kumutu kwake, mawa iimbanso. Chipewacho chikatheratu mumangomasula n'kumangapo china. Mamaiki anu owalawa tidzawaona zikadzatha zaka 20.

NaPhiri_Alto
Akulu, ine ndimagula maiki yoimbira, osati yokhomera misomali.

GogoWaGitala
Ana inu mukundiseketsa. M'masiku athu tinkaimba m'mahotela ndi timaampu tating'ono, oimba atatu kuzungulira maiki imodzi, koma mawu ankamveka mpaka pa khomo. Chinsinsi chinali chimodzi: woimba akatsegula pakamwa, bandi yonse inkatsika. Wa ng'oma ankadziwa kuti vesi ndi ya woimba, iye nthawi yake ndi pa kolasi ndi povina. Lero mnyamata akakhala pa ng'oma amamenya kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza mofanana, thukuta kamukamu, ndodo kuthyoka. Ndiye mukufuna maiki ichite chiyani? Mwana wanga wa ku Chilomoni, uyambe wakhala pansi ndi wa ng'oma wakoyo.

NgomaNdiMoyo
Zayambika. Bandi ikalakwa, wolakwa ndi wa ng'oma. Agogo, ndi ulemu wonse, funsani kaye agitala awiriwo kuti maampu awo amawakweza kufika pati. Ife timamenya mwamphamvu chifukwa magitala atikwirira. Ng'oma ilibe batani la voliyumu, gitala ili nalo, koma wa gitala salidziwa kuti limapotokeranso kumanzere.

GogoWaGitala
Batani la ng'oma lili m'dzanja lako, mdzukulu.

NgomaNdiMoyo
Ndiye pa ukwati anthu akufuna manganje, ine ndizisisita?

Injiniya_waSaundi
Nonse mukunena zoona, koma pali zochita zosafuna kukangana. Ampu ya gitala ikakhala pansi imaimbira mawondo a mwini wake, iye osamva, n'kumangokweza. Ikwezeni pa mpando kapena muipendeketse iloze kumutu kwake, atsitsa yekha. Ndipo woimba asaime mzere umodzi ndi ng'oma. Zimene zimalowa kwambiri mu maiki ya woimba si ng'oma yaikulu ya phazi ayi, koma zimbale zam'mwamba zija ndi sineya, chifukwa zili pa msinkhu wa mutu wake. Musunthireni chakumbali ndi mapazi atatu kapena anayi, kuti kumsana kwake kukhale katani kapena malo opanda kanthu.

MC_Perekani
Ine ndili mbali ya wa kiyibodi. Pa ukwati woimba amafunika atsike pa siteji, akavine ndi akwati, akadzutse apongozi pa mpando. Ndi chingwe afika kuti? Gulani yopanda chingwe, masiku ano zatchipa, bokosi limodzi mamaiki awiri.

Kaliyala74
Zotchipazo ndi zimene zimaduka mawu pakati pa pemphero.

Mlendo_kuLeeds
A MC, yopanda chingwe ndi maiki kuphatikiza wailesi, ndiye mukulipira zinthu ziwiri. Pa ndalama yomweyo, ya chingwe idzaposa nthawi zonse, chifukwa ndalama yonse yapita ku mawu. Zotchipa zambiri zili ndi frequency imodzi yosasinthika, ndiye mukakumana ndi tchalitchi cha pafupi chili pa nambala yomweyo, mlaliki wawo atulukira m'masipikala anu. Za 2.4 GHz zimalimbirana malo ndi Wi-Fi komanso mafoni, mu holo yopanda anthu zimagwira bwino, anthu akadzaza zimayamba chibwibwi.

Muchenjerenso ndi zakaunjika zochokera kunja. Ku America boma linaletsa mamaiki m'chigawo cha 700 MHz mu 2010, ndipo gawo lalikulu la 600 MHz linatsekedwa mu 2020 atalipereka ku makampani a mafoni. Zida zabwinobwino zinagulitsidwa motchipa chifukwa kwawoko sizingagwirenso ntchito. Kuno ku UK tili ndi 863 mpaka 865 MHz yosafuna chiphaso, ndi 606 mpaka 614 yofuna chiphaso. Kwathu amene amayang'anira mafunde ndi a MACRA, muwafunse musanaitanitse. Ndipo muwerengere mabatire a AA pa shoo iliyonse, osati aja otchipa othera pakati pa nyimbo.

MC_Perekani
Zoonadi mabatire amandidya. Koma chingwe nacho ana amachikoka.

NaPhiri_Alto
A MC, poti mwabwera, ndikupempheni m'malo mwa oimba tonse: lekani kufumbata mutu wa maiki. Mukatibwezera imakhala yonyowa, ndipo likhweru lambiri pa ukwati limayamba inu mukaigwira.

MC_Perekani
Amayi, ndi sitayilo imeneyo kkkk. Komanso ndikaifumbata mawu amakula.

Injiniya_waSaundi
Sakula, amangotsekeka m'mphuno. Maiki imakwanitsa kukana mawu a kumbuyo chifukwa ili ndi timabowo kuseri kwa capsule, kachipangizo komvera mawu kali mkati mwa chipewa. Mawu ochokera kumbuyo amalowa njira ziwiri, kutsogolo ndi m'timabowomo, n'kufafanizana. Mukafumbata theka la pansi la chipewa mwatseka timabowoto, maiki yasanduka yomva mbali zonse, ndipo monita ndi masipikala zalowa momasuka. Gwirani pa chogwirira, dzanja lisakhudze chipewa.

MfanaWaJoni
Musanamalize kukangana za mtundu, dziwani kuti SM58 ndi Beta 58A ndi mamaiki amene akamberembere amawakopera kwambiri. Kuno ku Johannesburg makatoni ake ndimawaona m'timashopu togulitsa matchaja a foni, mtengo wake wosafika ndi theka lomwe la wa m'sitolo ya zida zoimbira. Ku America, kwawo kwa kampaniyo, SM58 yakhala pa madola pafupifupi 100 kwa zaka zambiri, Beta 58A imapitirira madola 150. Ikanipo mayendedwe, msonkho wa pa Mwanza ndi phindu la wogulitsa, mukumbukirenso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu ali ku Limbe akakutchulirani mtengo wotsika kuposa wa ku America, mwadziwa kale chimene chili m'katonimo.

Maso sakuthandizani kwenikweni, katoni, kachikwama ndi timapepala zonse amakopera. SM58 yeniyeni imalemera magalamu pafupifupi 300, koma ena amaikamo kachitsulo kuti ifanane. Zoti yalembedwa Mexico kapena China sizitanthauza kanthu, Shure ili ndi mafakitale ku Juárez ndi ku Suzhou. Chimene chimawagwiritsa msanga ndi chingwe: SM58 yeniyeni sibwera ndi chingwe cha jeki. Yolembedwa SM58-LC ilibe chingwe, yolembedwa SM58-CN ili ndi cha XLR mbali zonse. Ndipo ya switch imalembedwa SM58S, ikakhala ndi switch koma katoni ikuti LC, thawani.

Bola kuyesa ndi khutu. Ilumikizeni, lankhulani kumaso kwake, kenako itembenuzeni mulankhule chakumchira. Yeniyeni mawu amagwa kwambiri, yabodza imakumvanibe bwinobwino. Kenako pekesani chogwirira m'manja osalankhula. Yeniyeni capsule yake imakhala pa mphira, mumangomva pang'ono, yabodza imagunda m'sipikala. Wogulitsa akakana kuti muyese, yankho ndi lomwelo.

BesiWaChilomoni
Amwene a ku Joni mwandipulumutsa. Pali munthu amanditsatsa Beta 58A ziwiri pa mtengo wa imodzi, akuti zinatsala pa katundu wa tchalitchi.

Kaliyala74
Tchalitchi chimenecho chili ndi mamaiki ambiri, aliyense mu tauni muno akugulitsa zotsala zake.

KwayaMasitala
Ndilowerereko. Ngati mawu a mlongoyo ndi ofewa, bwanji osamugulira condenser, mtundu uja wa maiki womva kwambiri? Ife kutchalitchi otsogolera nyimbo amagwiritsa ntchito Beta 87A, ndipo ngakhale kunong'ona kumamveka, mpweya womwe. Dynamic, mtundu wa SM58 ndi Beta 58A zija, imafuna munthu wa mawu amphamvu.

Injiniya_waSaundi
Aphunzitsi, kutchalitchi kwanu ikhoza kukoma chifukwa siteji ndi yaikulu ndipo mwina ng'oma zili patali kapena zatchingidwa. Condenser imamva zam'mwamba mosamala kwambiri, ndiye pa kasiteji ka ukwati, zimbale zili pamsana pa woimba, idzatola zimbalezo mosamalanso chimodzimodzi. Imafunanso phantom power ya 48V kuchokera mu mikisa kudzera pa XLR, ndipo pa mikisa yaing'ono yambiri batani lake ndi limodzi la mizere yonse. Chinyezi cha kunyanja ndi kugwa pansi sizigwirizana nayo ngati mmene dynamic imapiririra. Palinso kusamvetsetsana kumene ndimakumana nako kawirikawiri: maiki yomva kwambiri sikweza woimba yekha. Imakweza woimba, ng'oma ndi likhweru mofanana. Chimene chimasiyanitsa woimba ndi phokoso ndi kuyandikira kwake ndi mbali zimene maikiyo imakana.

KwayaMasitala
Ndamva, koma ndikanakondabe mutaimva kaye musanaikane. Pa nyimbo zodekha dynamic siyifika pamenepo.

GogoWaGitala
Pa ukwati nyimbo yodekha ndi imodzi, yolowera akwati. Zotsalazo ndi fumbi.

TchaleWaNkhataBay
Pepani ndikhotetseko pang'ono. Ife tikamaimba pa jenereta, ndikakhudza maiki ndi mlomo uku ndagwira gitala, imandiluma. Nayonso ndi nkhani ya maiki yotchipa? Ndikagula yabwino zitha?

WaMagetsi_Mzuzu
Achimwene, imani pomwepo, imeneyo si nkhani yoseka ndipo maiki ilibe mlandu. Thupi la maiki limalumikizana ndi earth ya mikisa, nsambo za gitala zimalumikizana ndi earth ya ampu. Chimodzi mwa ziwirizi chikakhala chopanda earth, magetsi amafuna njira, ndipo njira yake ndi inuyo, kuchoka m'dzanja kukatulukira pa mlomo. Athu ndi a 230V. Mu 1972 woimba gitala wa bandi ya Stone the Crows, Leslie Harvey, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maiki imene inalibe earth.

Ndimaziona m'mashoo: ekisitenshoni ya mawaya awiri, pulagi yothyoledwa phini lalitali, kapena mawaya ongolowetsa m'soketi n'kutsinira timitengo ta machesi. Ena amadula earth dala kuti kung'ung'udza kwa 50 Hz kuthe. Kumatha ndithu, koma mwachotsa chokutetezani. Mikisa ndi maampu onse zidye pa gwero limodzi, ndi mapulagi a mapini atatu amoyo. Jenereta ikhale ndi chitsulo chake chokhomera pansi, ndipo pakati pake ndi zida pakhale RCD ya 30 mA, kachipangizo kodula magetsi akangoyamba kuthawira njira yolakwika. Siponji ya pa maiki imangobisa kulumako, vuto likadalipo. Itanani wamagetsi ayeze ndi mita musanaimbenso.

TchaleWaNkhataBay
Iii, ekisitenshoni yathu ndi ya mawaya awiri ndithu. Zikomo bambo.

BesiWaChilomoni
Za earth nafenso tikayang'ana. Koma tibwerere kwa mlongo wathu. Tinene kuti masipikala tasuntha, zingwe tasintha, iye wavomera kuyandikira. Pakati pa SM58 ndi Beta 58A nditenge iti? Wina wandiuza kuti Beta ndi SM58 yomweyo koma yamphamvu.

Injiniya_waSaundi
Si yomweyo. Beta 58A ili ndi maginito a neodymium, imatulutsa mphamvu yoposa ya SM58 ndi ma decibel pafupifupi 4, ndipo imafika 16,000 Hz pomwe SM58 imalekera pa 15,000. Koma mphamvuyo, monga ndanenera kwa aphunzitsi, sikupulumutsani ku likhweru. Kusiyana kwenikweni ndi mmene zimamvera. SM58 ndi cardioid: imamva kumaso, pang'ono m'mbali, ndipo ndi yogontha kumchira kwenikweni. Monita yake imagona patsogolo pa woimba, pomwe mchira wa maiki waloza. Beta ndi supercardioid: kumaso ndi yopapatiza, m'mbali imakana kwambiri, koma kumchira kwenikweni imamvako pang'ono. Ugonthi wake uli chapambali, madigiri pafupifupi 125 kuchoka kumaso, uku ndi uku. Ndiye monita yake muiike chakumanja kapena chakumanzere. Ambiri amagula Beta, n'kusiya monita pakati ngati kale, ikalira amati anawagulitsa feki.

Kupapatiza kuja kuli ndi mtengo wake. Woimba akangopotoza mutu kuyang'ana wa kiyibodi, mawu agwa. Kwa munthu amene akuphunzira kumene kukhala pa maiki, cardioid imakhululuka. N'chifukwa chakenso sindikutchulirani Audix OM7, ngakhale ndi katswiri pa siteji yaphokoso. Anaipanga dala yosamva kwambiri, imafuna milomo pa chipewa nthawi zonse, mlongo wanuyo ingamulize.

Ndikanakhala ine, pa ndalama yanuyo sindikanagula Beta. Ndikanatenga cardioid, kaya SM58 kaya Sennheiser e835, zili pa mtengo wofanana, chotsalacho zingwe za XLR ziwiri ndi sitandi. Sitandi imathandiza, maiki imakhala pa msinkhu wa pakamwa, siitsikira pachifuwa dzanja likatopa.

MfanaWaJoni
Ine nditsutsako. Kusiyana ndi kuthera ndalama yonse pa maiki imodzi, tengani Behringer XM8500 ziwiri. Ndi dynamic, ndi cardioid, ku America ndi madola pafupifupi 20 imodzi, ndipo ndi yeniyeni ya kampani yake, siinamizira dzina la wina. Imagunda m'manja kuposa SM58, koma pa sitandi simumva. Ndalama yotsala muyambire kusungira monita yaing'ono yokhala ndi ampu yake. Mtsikana wodzimva pa XM8500 adzaimba bwino kuposa wosadzimva pa SM58.

Kaliyala74
Behringer pa woimba wamkulu? Anthu akaona pa vidiyo ya ukwati atiseka.

MfanaWaJoni
Apongozi amawerenga dzina la maiki?

NaPhiri_Alto
Kkkk. Koma a ku Joni akunena zanzeru pa monita. Ndipo mukaipeza, musamuikiremo bandi yonse. Itengeni pa AUX ya mikisa, potulukira mawu opita ku monita, ija yosatsata fader (chokwezera mawu a mzere uliwonse), muikemo mawu ake ndi kiyibodi pang'ono kuti asasochere kiyi, basi. Ng'oma ndi magitala akuzimva kale mopitirira.

Chokhacho chimene nonse simunanene: palibe amene wafunsa mwini wake. Mawu ndi ake. Bwerekani mamaiki awiri kapena atatu, aimbe vesi imodzimodzi pa iliyonse, bandi ikuimba mwamphamvu ngati pa shoo, wina aime kumapeto kwa chipinda amvetsere osaona kuti wagwira iti. M'sitolo kunena "wanu, thuu, wanu, thuu" simumva kanthu. Ndipo ikagulidwa ikhale yake yokha. Chipewa azimasula n'kuchitsuka ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, kasiponji ka mkati afinye, ziume kaye asanabwezere. Lipisitiki ndi malovu zikaumirira m'timabowo mawu amaphimbika, anthu n'kumati maiki yatha.

MC_Perekani
Ndiye ife a MC tizilankhulira pati?

NaPhiri_Alto
Pa aja a pa msika aja. Afumbateni mmene mungafunire.

KwayaMasitala
Pa kuyesako muikepo ndi condenser, musaope.

Injiniya_waSaundi
Muikepo, zimbale zikayankha zokha. Kungoti poyesa muyeze gain, batani lokwezera mawu polowa mu mikisa, ya iliyonse kuti zimveke pa msinkhu wofanana, chifukwa khutu limasankha yokwera nthawi zonse. Kenako mukweze iliyonse pang'onopang'ono mpaka itayamba kulira, muone imene yafika patali isanalire. Likhweru likayamba musatsitse zonse. Ngati muli ndi graphic EQ ya mabandi 31, pezani kamzere kamene kakulira mukatsitse kokhako pang'ono. Ena amakoka timizere tonse pansi, mawu a woimba n'kupita nawo limodzi.

BesiWaChilomoni
Zikomo nonse. Beta za kutchalitchi zija ndamuuza mwini wake asunge. Pa pulakatisi ya Lachinayi tisuntha masipikala ndi maampu, zingwe za XLR ndigula mawa. Zoti SM58, e835 kapena ziwiri za Behringer ndi monita, tikagamula mlongoyo ataziyesa. Vuto n'lakuti ndilibe kobwereka. Alipo wa mu Blantyre muno amene angatithandize kwa maola awiri?

NgomaNdiMoyo
Wa ng'oma wanuyo mumuuze kuti pagulu pano ali ndi loya.

Kaliyala74
Ndili ku Zingwangwa, SM58 ndibwera nayo ndekha, ndiima pomwepo mpaka mumalize. Ndi yopindika chipewa koma ndi yeniyeni. Chingwe mukhale ndi chanu, changa sindibwereketsa.